Osanena Yewo Pafupi ndi NyaMaji

Lolemba

Mpikisano wa maloboti ndi Loweruka lino, ku boma. Masukulu a sekondale a m'Rumphi muno. Mutu wa chaka chino: madzi ndi ulimi. Ife takonzeka. Ndalemba mawu amenewa, ndawayang'ana nthawi yaitali, koma sindiwafufuta. Takonzeka!

Loboti yathu ana a kalabu imene ndimayang'anira anaitcha NyaMaji, monga amatchulira amayi kuno, NyaGondwe, NyaMsiska. Maji ndi madzi. Iwo amati "iye", ine ndimati "iyo". Lero ndadzigwira ndikuti "iye".

Za m'thupi mwake:
- kabokosi ka ubongo ndi kakhutu komvera mawu, za m'katoni imene bungwe lina linapatsa sukulu
- mota ya waipa (chopukutira galasi) ya minibasi ina imene inafera pa siteji ya Bolero
- matayala a kangolo ka mwana wa a depyute (mwanayo akuyenda tsopano, sakudandaula)
- chigubu cha mafuta ophikira, chotsukidwa bwino
- kapaipi kamene Wongani, mnyamata wa m'kalabu, anabwera nako. Sindinafunse kumene anakatenga.

Ntchito yake: kutsata mzere, kupeza zitini za mbande za tomato, kuthirira chitini chilichonse, kukafika pa mzere woyera. Amayamba akauzidwa ndi pakamwa, amaima akauzidwa ndi pakamwa, chifukwa mlimi manja ake amakhala ndi matope, sangamadine mabatani. Ganizo limeneli ndi la Tawonga, mtsikana wa Fomu 3 amene akutsogolera gulu. Ndikanakonda likanakhala langa.

Masana abwera a hedi, a Msiska. Aima pakhomo, sanalowe. Kachipinda kathu kano kanali kosungiramo madesiki othyoka ndisanakapemphe chaka chatha. Madesikiwo ali pa khonde la Fomu 1, ndipo mvula ili pafupi. "A Injiniya, mukalowa m'magulu atatu opita ku mpikisano wa ku Mzuzu, chipinda ndi chanu. Mukalephera, madesiki abwerera kwawo." Anena akuseka. A Msiska chilichonse amanena akuseka, ndipo chilichonse amachita.

Potuluka ati "yewo". Ine ndati "zikomo". Monga mwa nthawi zonse. Chichokereni ku Dedza, chino ndi chaka changa chachitatu kuno, koma liwu laling'onoli, zikomo wa m'Chitumbuka, sililola kutuluka m'kamwa mwanga. Ndinaliyesa kamodzi m'kalasi nditangofika kumene. Fomu 2 yonse inagwa nako kuseka. Akuti ndinalitchula ngati ndikuitana mbuzi. Kuyambira tsiku limenelo ndine munthu wa zikomo.

Lachiwiri

Vuto laling'ono. Laling'ono kwambiri.

Malamulo akuti mphunzitsi asakhudze loboti kapena kuilankhula. Koma kakhutu ka NyaMaji ndinakaphunzitsa ndi mawu anga: "pita", "ima". Tawonga wati "pita", NyaMaji wapita. Wati "ima", sanaime. Watulukira pakhomo, watsika sitepe, wakathirira nsapato ya mlonda. Sindinaganize kuti makina nawo amasankha kalankhulidwe.

Yankho ndi losavuta: kujambulanso mawu, a ana eni ake. Tangoyatsa laputopu ya sukulu, ndaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi. Nkhani yake: ndani akumaliza shuga wa tiyi mu sitafulumu. Ndawasiya okha. Mtima uli m'mwamba msonkhano wonse. Za shuga sizinathe.

Ndabwerako, ndapeza zatheka! Tawonga akuti "luta", kutanthauza pita, NyaMaji akunyamuka. Chitini choyamba, chachiwiri, madzi ndendende pa tsinde. Pa mzere woyera Tawonga akuti "yewo". NyaMaji akuima, mkono wake wa paipi ukutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Kugwada! Wongani ndiye wawonjezera zimenezo.

Ndafunsa chifukwa chake sanangoti "ima". Tawonga wandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa. "Asambizgi," (ndimo mmene amatiitanira aphunzitsi kuno) "munthu akamakuthirirani madzi m'kapu, akakwana, mumati chiyani? Simungati ima. Si ng'ombe."

Ndipo pali china. Kuti kakhutu kasadzasankhenso munthu, ajambula mawu a aliyense: a kalabu yonse, a mlonda, a mayi wogulitsa mandasi pageti, a ana awiri a pulayimale amene amangodutsa. Mawu aakulu, aang'ono, achimuna, achikazi. Ndine ndinawaphunzitsa zimenezi, kuti chitsanzo chimodzi sichikwanira. Amamvetsera kani! Ndimayesa m'kalasi ndimalankhula ndi makoma.

Popita kunyumba ndagula mandasi awiri m'malo mwa limodzi.

Lachitatu

Kuyeserera koyamba kwathunthu. Ndajambula mzere ndi choko, zitini zili m'malo.

"Luta." Wanyamuka bwinobwino. Ali pakati pa chitini choyamba ndi chachiwiri, Mayi NyaKumwenda, aphunzitsi a Baibulo, asuzumira pawindo: "Monire mose!" Ana onse pamodzi: "Yewo!"

NyaMaji waima. Wagwada.

Taseka tonse, ngakhale ine. Tayambiranso. Wongani wapempha sikuludilaiva, mnzake wamupatsa. "Yewo." Waima. Wagwada. Taseka pang'ono. Tayambiranso. Mlonda akudutsa panja ndi njinga, walonjerana ndi munthu amene sitikumuona n'komwe. Waima. Wagwada. Sindinaseke.

Nthawi zimene munthu wa kuno amanena yewo, monga ndaonera lero:
- polonjera
- poyankha malonje
- polandira chinthu
- popereka chinthu (!)
- podutsa pakati pa anthu
- potsanzika
- atatsanzika kale, ali patali, akutembenuka
- pamene palibe chonena

Ndawerenganso malamulo. Loboti ikaima katatu pamalo osayenera, yatuluka mumpikisano. Katatu. Mu holo yodzaza anthu a ku Rumphi.

Ana atapita ndatsala ndekha, ati kukonza mawaya. Zoona zake n'zakuti ndimafuna kuyesa. Ndatseka chitseko. "Luta." Wamva, wanyamuka, liwu limenelo ndi losavuta. Kenako ndakonza kukhosi. "Yewo." Akupitabe. "Yeewo." Akupitabe. Ndayesa mokweza, motsitsa, mokoka ngati a hedi, mofulumira ngati mayi wa mandasi. Ndayesa ndikuwomba m'manja. Wakagunda khoma, chigubu chagwedezeka, madzi pansi.

Loboti imene imamva mlonda ali ku mpira, ine ili pamapazi panga sikundimva.

Ndatembenuka, ndaona mutu wa Wongani pawindo. Waiwala chikwama, akutero. Sanaseke. Bola akanaseka.

Lachinayi

Ndadzuka ndi mtima wolimba. Lero ndikhala mtsogoleri. Liwulo lisinthidwa.

Ndauza gulu. Kenako Tawonga: "Ndiye tizimulamula basi, osamuthokoza?" Ndafotokoza za malamulo, za holo, za madesiki. Wongani akuti tiyese "yewo chomene" (zikomo kwambiri), mwina anthu sanena kawirikawiri. Onse amuyang'ana. Wabweza yekha mawu ake. Tagwirizana pa "basi". Palibe amene wakondwa, ndipo ine ndikumva ngati ndalanda mwana dzina.

Ndapita ku ofesi kukatenga laputopu. Kulibe. Yapita ku boma ndi a kalaliki, kukalembetsa mayina a mayeso. Ibwera "mawa". Pulogalamu yonse ili m'menemo. Inde, ndinkafuna kuikopera pa fulashi. Inde, ndinkafuna.

Njira yachiwiri: chikwangwani. Tawonga walemba pa katoni m'zinenero ziwiri, tapachika pakhomo: CHONDE OSANENA YEWO MUNO.

Lero lomwelo n'kukhala tsiku la komiti ya makolo. A hedi awabweretsa kuti adzaone "ntchito ya a Injiniya". Wapampando, bambo wamkulu wa jekete, mkulu wa mpingo, waima pakhomo, wavala magalasi, wawerenga chikwangwani mokweza mpaka kumapeto. NyaMaji wagwada. Tawonga wafotokoza bwinobwino chifukwa chake. Bamboyo wagwedeza mutu momvetsa: "Yewo, mwana wane, tamva." Wagwadanso.

Basi, zathera pomwepo. Aliyense wa komiti akufuna kuyesa yekha. Amayi awiri agwada nawo pomubwezera ulemu. Wina watuluka kukaitana mlamu wake kumsika. "Ili ndi mwambo kuposa ana athu," watero wapampando, ndipo wafunsa ngati ingaphunzitsidwe kulandira alendo ku tchalitchi. Masana onse NyaMaji sanayende mtunda woposa mkono. Mbande zauma kukhosi, batire yatha ndi kugwada.

Koma ndiyenera kulemba ichi: anthu akuluakulu aja anaunjikana m'kachipinda ka madesiki othyoka, akufunsa Tawonga mafunso, iye akuyankha osachita mantha, akuloza mawaya ndi pensulo. Ine ndili pakona, ndagwira chigubu chopanda kanthu. Sindinafune kukhala pena paliponse.

A hedi potuluka: "Ndamva kuti inu lobotiyi sikumvani. Ndiye munthu wotetezeka m'boma lonse lino ndinu nokha, a Injiniya." Wongani wayang'ana kudenga.

Lachisanu

Laputopu yabwera! Batire yake ilibe moto. Magetsi azima chim'mawa.

Ndathamanga nayo kumsika wa Bolero, kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola. Wandilandira bwino, wandipatsa mpando, wafunsa chaja. Chaja yatsala ku boma, m'chikwama cha a kalaliki, amene apita ku ukwati ku Mwazisi. Ndakhala pampandopo kanthawi. Wandimeta, poti ndinali nditakhala kale.

Njira yachitatu: sokosi. Kuphimba kakhutu kuti kazimva mawu apafupi okha. Sayansi yake ndi yoona, ndikhoza kuilemba pa bolodi. Zotsatira:
- sokosi imodzi: akumva zonse monga kale
- masokosi awiri: sakumva chilichonse, Tawonga wakuwa "luta" mpaka Fomu 4 yonse yatuluka m'kalasi kuyesa kuti akuwauza iwo
- sokosi imodzi yopinda pawiri: yanyowa, yagwera mu mota

Masokosiwo ndi anga. Fizikisi ya Fomu 3 ndaphunzitsa mapazi ali m'nsapato mokhamokha.

Tasiya za masokosi. Tatseka chitseko ndi mawindo, taika Wongani panja kuti aziimitsa anthu ndi manja, aliyense m'kati wagwira pakamwa. "Luta." Chitini ndi chitini, osataya dontho, osaphonya. Mzere woyera. Tawonga, motsitsa: "Yewo." Waima pamzere penipeni. Wagwada.

Palibe sukulu imene ingapose zimenezi. Ndikunena ine, amene ndimakayika ngakhale dzina langa ndikamalemba pa bolodi. Ana awa apanga chinthu chogwira ntchito ndi mota ya minibasi yakufa!

Chongofunika n'chakuti boma lonse likhale chete kwa kanthawi.

Tawonga wandilimbitsa mtima: "Ku boma kuli anthu obwera ambiri ngati inu, asambizgi. A zikomo." Sindikudziwa ngati kumeneku n'kunditonthoza.

Loweruka

Ndilemba mwadongosolo, apo ayi sindilemba n'komwe.

Tapita pa pikapu. NyaMaji pamiyendo panga, wokutidwa ndi chitenje cha mayi ake a Tawonga, batire titachotsa, chifukwa dalaivala amalonjera aliyense wa m'mbali mwa msewu.

Holo yodzaza. Makolo, aphunzitsi, akuluakulu a maofesi kutsogolo. A sukulu ina ya mishoni avala malaya ofanana, loboti yawo yonyezimira ngati yogula. A ku Chiweta abwera ndi kapampu koyenda kokha. A ku Mwazisi, chinthu choliza zitini kuti njovu zisalowe m'dimba. Chalira nthawi yosayenera, theka la holo lathawira kukhomo. Ndalimba mtima pang'ono.

A zikomo aja sindinawaone. Woyendetsa mwambo ndi bambo wansangala amene chiganizo chilichonse amachitseka ndi liwu lija, pa maikolofoni.

Nthawi yathu. Ine ndakhala pa benchi ya aphunzitsi, manja pakati pa mawondo. Tawonga: "Luta." Wanyamuka. Chitini choyamba, madzi ndendende. Anthu awomba m'manja. Woyendetsa mwambo: "Taonani ana a ku Bolero! Yewo, yewo chomene!"

Waima. Wagwada. Kamodzi.

Anthu akuyesa ndi mbali ya chionetsero, akondwa. "Luta." Chitini chachiwiri. Mtsikana wina akugawa madzi akumwa ku tebulo la oweruza. Ndikumuona akuyandikira. Ndikuona woweruza wamkulu akutambasula dzanja. Ndikuona milomo yake.

Kawiri.

Apa Tawonga wakweza dzanja, wapempha maikolofoni. Sindinamuuze ine. Wafotokozera holo yonse, m'Chitumbuka kenako m'Chichewa, osalitchula liwulo ngakhale kamodzi: "mawu aja timanena pothokoza". Wati loboti yathu ikawamva imaima, ndipo ikaimanso kamodzi tatuluka. Wapempha kuti atithandize. Holo yaphulika ndi kuseka. Woyendetsa mwambo watsegula pakamwa kuti amuthokoze, wadzigwira ndi dzanja, wakhala pansi.

Kenako chete. Sindinamvepo chete wotere m'Rumphi. "Luta."

Chitini chachitatu. Bambo wina wagwetsa cholembera, mnzake wamutolera, ndipo wolandirayo wangogwedeza mutu, nkhope ili ngati wameza fupa. Mayi wina waluma nsonga ya mpango. Wapampando wa komiti yathu, amene wabwera yekha pa minibasi, watseka maso ngati akupemphera. Holo yathunthu, anthu oleredwa bwino, akudziletsa ulemu chifukwa cha ana athu.

Chitini chomaliza. Madzi atsika bwinobwino, kambande kagwedezeka. NyaMaji watembenuka, walunjika mzere woyera. Kwatsala ngati chikhatho chimodzi. Ndayang'ana Wongani, misozi ili m'masaya. Ndayang'ana Tawonga, waima njo ngati msilikali. Ndayang'ana anthu onse aja atagwira pakamwa. Chinachake chakwera kuchokera m'mimba, chadutsa pachifuwa, ndipo ndisanachifunse kuti n'chiyani chatuluka.

"Yewo!"

Mokweza. Mokoka bwino pakati, motsika kumapeto. Ngati munthu wobadwira ku Bolero.

NyaMaji waima. Mkono watsika pang'onopang'ono mpaka pansi.

Kenako woyendetsa mwambo walumphira maikolofoni, ndipo yewo yense amene anthu anamusunga m'mimba watuluka nthawi imodzi, denga kuchita kunjenjemera. Ine ndikufuna pansi patseguke.

Katatu. Tatuluka. Oweruza anena mawu abwino, ati zitini zonse zathiriridwa ndipo palibe gulu lina limene latero, koma lamulo ndi lamulo. Ku Mzuzu kukupita a mishoni, a ku Chiweta, ndi sukulu ina imene loboti yake inangoyenda molunjika osachita kanthu.

Ndapita kwa ana kuti ndipepese. Ndakonza mawu. Sindinawanene. Tawonga akulira ndi kuseka nthawi imodzi, wandigwira mkono wa malaya: "Asambizgi, wakumvani! Wakumvani!" Wongani akulumpha ngati tawina.

Pobwerera dalaivala wandiuza kuti ndikhale kutsogolo.

Lamulungu

Ku tchalitchi nkhani yafika kale. Potuluka, anthu amene zaka zonsezi amangondigwedezera mutu aima pamzere kundigwira chanza. Aliyense akuti "yewo", kenako akudikira, akundiyang'ana pakamwa. Ana a Sande sukulu akunditcha a Yewo. Ndikuganiza kuti dzinali silichoka.

A hedi andipeza pansi pa mtengo. "A Injiniya, mwatiimirira bwino. Madesiki alowa mawa." Akuseka. Ndati ndamva. Pangano ndi pangano, ndipo mitambo yayamba kale kuda cha ku Nyika.

Masana Tawonga ndi Wongani abwera ndi wilibala. Tasamutsa zonse: mawaya, katoni, zitini, chikwangwani chija. Kalabu izikumana pakhonde panga Lachitatu lililonse. Ndinati ndifunse kaye a landilodi, koma ana anali atapachika kale chikwangwani. Ndatchula za chaka chamawa, kuti tidzayambe ndi kusintha liwu. Tawonga wati yayi. Liwu likhala lomwelo, chosintha ndi kakhutu: tipange kamaikolofoni kovala pakhosi, kuti azimva woyendetsa yekha. Wajambula kale papepala. Ndaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali kufuna cholakwika. Sindinachipeze.

Chipinda chapita. Mzuzu wapita. Masokosi apita. Tomato ali bwino.

NyaMaji ali pabalaza, pakati pa mpando ndi tebulo. Ana atapita ndatseka chitseko, ndayang'ana pawindo ngati pali mutu wa Wongani, ndalumikiza batire.

"Luta." Wanyamuka.

Ndaima bwino. Ndakumbukira mmene zinatulukira dzulo, kukoka pakati, kutsika kumapeto. Ndapuma.

"Yewo."

Wagunda khoma.

Palibe kanthu. Dzulo anandimva, ndipo mboni zilipo holo yathunthu. Ndikukatenga chokolopera.